Kalipentala wa ku Kamuzu Road amene anandikhomera mashelefu a zovala

M'nyumba zambiri za lendi kuno ku Salima, chipinda chogona chimangokhala makoma anayi ndi zenera. Zovala timazipachika pa chingwe, zina zimakhalira m'masutikesi chaka chonse mpaka kununkha chinyezi. Ine ndinkafuna mashelefu a zitenje ndi mabulangete, komanso popachika mahang'ala, zonse zokhomedwa kukhoma. Ntchitoyi ndinaipereka kwa bambo wina wachikulire amene ali ndi shedi yake ya ukalipentala ku Kamuzu Road. Anzanga angapo andifunsa ngati nawonso apite komweko. Ndikuti pitani, koma mumve kaye zonse, zabwino ndi zowawa zomwe.

Chimene chinandikopa n'chakuti anakana kutchula mtengo asanaone khoma. Atafika anafunsa kuti, "Mayi, nyumbayi ndi ya njerwa zowotcha kapena zidina? Nanga anamangira simenti kapena dothi?" Anagogoda khoma lonse ndi mpini wa hamala, khutu ali nalo pafupi, n'kulemba ndi pensulo paliponse pamene pankalira ngati ng'oma, kusonyeza kuti pulasitala walekana ndi njerwa. Kenako anazungulira kuseri kwa nyumba kumene sikunapakidwe pulasitala, n'kukanda pakati pa njerwa ndi msomali. Linatuluka dothi. Umu ndi mmene nyumba zambiri zimamangidwira kuno: njerwa zowotcha, zolumikiza ndi matope, pamwamba pulasitala wa simenti ndi penti wowala. Ukaona umati khoma ndi limeneli. Msomali wa konkire ukhoza kugwira kalendala kapena galasi, koma shelefu yodzaza mabulangete ayi, chifukwa ukalowa pamzere wa dothi umakhala wagwira pulasitala yekha.

Ataona zimenezo anasintha zimene ndinawajambulira. Ine ndinkafuna zonse zilendewere pakhoma popanda chokhudza pansi. Iwo anati pakhoma lotereli sangalole. Anapanga kuti matabwa am'mbali atsike mpaka pansi pa timiyendo tatifupi, kuti kulemera konse kuzipita pa simenti yapansi, ntchito ya khoma ikhale yongogwira kuti chinthucho chisagwere kutsogolo. Timiyendoto tinandithandizanso pa zimene ndinkafuna poyamba: tsache limalowa, ndipo chiswe chikayamba kumanga njira yake ndimachiona msanga. Kumbuyo, chakumwamba, anadutsitsa thabwa limodzi lalitali lochindikala 25 mm, ndipo ndi thabwa limeneli limene linamangidwa kukhoma ndi masikuluwu asanu ndi limodzi, lililonse pa njerwa yakeyake.

Poboola m'pamene ndinaimirira n'kumaonerera, ndipo apa ndi pamene ndalama yanga inagwira ntchito. Ali ndi dirilo ya batire, choncho kaya magetsi alipo kaya athima, iwo ntchito imayenda. Anayamba azimitsa magetsi a nyumba yonse, n'kundionetsa kuti waya wa switchi ya pafupi ndi chitseko amakwera molunjika m'khoma kupita kudenga, ndiye mzere umenewo anaupewa. Pa chitsulo choboolera anakulungapo katepi kuti adziwe polekezera. Fumbi ndi limene linkawauza zoona. Likatuluka lofiira ndiye kuti alowa m'njerwa. Likatuluka lotuwa, lofewa, dirilo n'kungolowa mosavuta, ankaimitsa pomwepo, n'kusunthira pambali pang'ono. Mabowo awiri anawasiya motero n'kuwatseka ndi simenti. Sanalole dirilo kuti izimenya uku ikuzungulira, ati njerwa zosapsa bwino zimangofumbutuka bowo n'kukula kuposa pulagi, kachubu ka pulasitiki kolowetsa m'bowo kuti sikuluwu ligwire.

Bowo lililonse analiuzira ndi kapaipi kakang'ono kuti fumbi lituluke, kenako anakhomera pulagi ya pulasitiki mpaka inapitirira pulasitala n'kukakhala m'njerwa mwenimweni. Masikuluwu anali a mainchesi anayi, 100 mm. Anandiwerengera pamaso: thabwa lidya 25 mm, pulasitala adya 15 kapena 20, zotsalazo, zopitirira 50 mm, ndi zimene zikugwira njerwa. Amene amakhomera ndi masikuluwu a mainchesi awiri, anatero, theka la sikuluwu limathera m'thabwa, kotsalako mu pulasitala. Zokhomera zikhomo zamitengo m'mabowo, monga ankachitira kale, anati anazisiya chifukwa mtengo ukauma m'chilimwe umafota n'kuyamba kugwedera.

Khoma langa ndi lopendekeka pang'ono, pansi naponso si pofanana. Sanakakamize matabwa kuti atsatire khoma. Anaika levulo, n'kutsekera timatabwa topyapyala kumbuyo ndi pansi pa mwendo umodzi mpaka kathovu ka m'levulo kanakhala pakati. Kumbuyo kwa mashelefu sanaikeko thabwa lotseka, anasiya mpata wolowa chala kuti mpweya uzidutsa. Amene mwakhalapo kuno kunyanja nthawi ya dzinja mukudziwa mmene nsapato ndi malamba zimachitira chuku zikagundana ndi khoma lonyowa. N'chifukwa chakenso anandiletsa matabwa a utuchi womata aja amene amapangira mawodilopu a m'mashopu: akamwa chinyezi amafufuma, masikuluwu n'kuzuka. Mlombwa ndi wabwino koma wasowa ndipo mtengo wake si wamasewera, ndiye tinagwirizana za paini wa ku Chikangawa, wouma bwino, wopakidwa mankhwala a chiswe. Popachika mahang'ala anaikapo paipi yachitsulo ya madzi, 30 cm kuchokera kukhoma kuti mapewa a majekete asamakhule, ndi chogwiriziza pakati kuti isapindike.

Atamaliza anauza mnyamata wawo kuti agwire shelefu yapamwamba alendewere. Mnyamatayo ndi wathanzi ndithu, anapinda miyendo n'kulendewera, ine mtima uli m'mwamba. Sipanamveke ngakhale kulira kwa thabwa. Zimenezi kwa ine n'zofunika kwambiri, chifukwa mwana wanga wachisiriza amakwera chilichonse, ndipo wodilopu yongoimika yosamangidwa kukhoma ikhoza kumugwera mwana ataikoka.

Tsopano zowawa. Bambowa nthawi sasunga. Anati abwera Lachiwiri, anabwera sabata inayo, foni osayankha, theka la ndalama ali nalo kale. Atafika anati kunali maliro ku Khombedza. Maliro sitingawatsutse, koma kameseji kamodzi kakanakwanira kuti ndisapemphe tchuthi kuntchito pachabe. Chachiwiri ndi fumbi. Sanandiuze kuti nditulutse zofunda, ndipo fumbi la njerwa linafiiritsa neti, matiresi ndi makatani. Neti yoyera ija sinabwererenso mwakale. Chachitatu, vanishi anapakira m'chipinda momwemo, mwezi wa Okotobala, kutentha kwa Salima mukukudziwa. Fungo linatithamangitsira pabalaza, ndipo zovala sindinaziike msanga. Shelefu yapamwamba anayezanso ndi msinkhu wawo osati wanga, moti ndimachita kukwera pampando.

Mtengo wawo ndi wokwererapo poyerekeza ndi anyamata amene amayenda ndi hamala ndi misomali ya konkire, ndipo satsitsa kwenikweni ngakhale munenerere. Masikuluwu ndi mapulagi amakutumani mukagule nokha ku hadiweya. Musatole otchipa kwambiri: paketi ina imene anali nayo m'bokosi lawo anandionetsa poifinya pulagi imodzi ndi pulayala, inangosweka pakati. Yabwino imapindika koma osathyoka.

Ngati muli pa lendi, yambani mwauza eni nyumba. Anga anavomera atamva kuti ndi mabowo asanu ndi limodzi okha, ndipo posamuka n'kungomasula masikuluwu n'kutseka ndi simenti. Ngati nyumba yanu ndi ya zidina, bambowa anandiuza kuti mapulagi sawagwiritsa n'komwe. Amaboola khoma mpaka kuseri, n'kudutsitsa bawuti yaitali yokhala ndi kachitsulo kophwatalala kunja, ndipo pamenepo mpofunika chilolezo chenicheni cha eni nyumba. Popangana, auzeni apakiretu vanishi ku shedi kwawo, ayeze kutalika kwa mashelefu inu mutaimirira pomwepo, ndipo theka lotsala la ndalama muwapatse atamaliza kukhoma.