Ndani amalipirira ulendo wa buku? Florida, California ndi Georgia poyerekeza

Anzanga amene muli ku America kuno, kaya pa sukulu kaya pa ntchito, ngati munasamukapo kuchoka chigawo china kupita china mwina munaona kuti makhadi a laibulale safanana mphamvu. Kwina khadi limakutsegulirani nyumba imodzi yokha ya m'tauni mwanu. Kwina khadi lomwelo limakuitanitsirani buku kuchokera mtunda wa makilomita 400, n'kulipeza likukudikirani pa shelefu pafupi ndi kwanu, osalipira kalikonse. Kusiyanaku sikuchokera pa kukoma mtima kwa ogwira ntchito pa kauntala ayi. Kumachokera pa njira imene boma la chigawocho linasankha yolipirira kubwerekana kwa mabuku pakati pa malaibulale.

Pajatu buku siliyenda lokha. Kuti lichoke ku Valdosta kukafika ku Athens, matauni awiri a m'chigawo cha Georgia, pamafunika kaundula wa pa kompyuta wosonyeza kumene lili, munthu wokalitsitsa pa shelefu m'mawa, kapepala kolembedwa kumene likupita komwe amakalowetsa m'kati mwa chikuto, bokosi la pulasitiki lolisungiramo pamodzi ndi anzake, galimoto, mafuta ndi dalaivala. Laibulale ya m'tauni yaing'ono singakwanitse zonsezi payokha, ndipo khonsolo yake ilibe chifukwa chowonongera misonkho ya anthu ake pa owerenga a kwina. Apa ndi pamene ndalama za chigawo zimalowera. Njira zake zikuluzikulu ndikuziona zitatu, ndipo ndinenetu poyambirira pomwe kuti ine ndimakonda ya ku Georgia.

Tiyambe ndi Florida. Kumeneko boma siliyendetsa lokha ntchitoyi. Limapereka thandizo la ndalama chaka ndi chaka kwa makopaletivu asanu a malaibulale, aliyense ndi dera lake: TBLC ku Tampa, SEFLIN kum'mwera chakum'mawa, SWFLN kum'mwera chakumadzulo, NEFLIN kumpoto chakum'mawa, ndi PLAN ku dera lotchedwa Panhandle. Kwa zaka zambiri lamulo linkati kopaletivu imodzi isalandire zoposa $400,000 pa chaka, ndipo nayo izisonkha yokha 10 peresenti yoikapo pamwamba. Mukawerengera asanuwo mupeza $2 miliyoni, pa chigawo cha makaunti 67 ndi anthu oposa 20 miliyoni. Ndi ndalama yochepa kwambiri, ndipo n'zodabwitsa kuti imagwira ntchito yochuluka chonchi: maphunziro a ogwira ntchito, kulowetsa mabuku mu kaundula, kuyendetsa mabokosi a mabuku, kugulira limodzi zinthu zokwera mtengo.

Ubwino weniweni wa njira iyi ndi wakuti mu kopaletivu mumalowa malaibulale a mitundu yonse. Ya m'tauni, ya ku yunivesite, ya ku sekondale, ya ku chipatala, onse amakhala pa tebulo limodzi. Kwa wophunzira unamwino amene akufuna buku lomwe laibulale ya m'tauni singaganize n'komwe zoligula, zimenezi n'zofunika zedi. Komanso mamembala amadzisankhira okha zochita, poti zosowa za ku Miami sizingafanane ndi za kumidzi ya ku Panhandle.

Vuto lake n'lakuti thandizo la chaka ndi chaka limayenera kupemphedwa chaka ndi chaka. Aphungu akalivomereza, bwanamkubwa wa chigawo ali ndi mphamvu yofufuta mzere uliwonse mu bajeti. Mu June 2020, mliri wa Covid utavuta, bwanamkubwa Ron DeSantis anafufuta mizere yokwana $1 biliyoni, ndipo umodzi mwa iyo unali wa Complete Florida Plus, pafupifupi $29 miliyoni, womwe unkanyamulanso ntchito za malaibulale a makoleji ndi mayunivesite a boma. Anthu anathamangathamanga kusaka posamutsira ntchitozo ophunzira atatsala pang'ono kutsegulira. Kumene njirayi inaonetsa kufooka kwake poyera ndi ku Illinois. Kumeneko mabungwe a m'madera ankadalira ndalama za chigawo, ndiye chuma chitasokonekera mu 2008 boma linayamba kuchedwetsa malipiro miyezi ndi miyezi. Mu 2010 North Suburban Library System, limodzi mwa mabungwewo, inachotsa ntchito anthu ake ambiri. Pa 1 July 2011 mabungwe 9 anaphatikizidwa kukhala awiri, RAILS kumpoto ndi Illinois Heartland Library System kum'mwera. Chimene chimandigwira mtima pa nkhani ya Illinois n'chakuti pamene ankadula china chilichonse, galimoto zonyamula mabuku anazisiya ziziyenda. Anthu odziwa ntchito yawo atapanikizika anasonyeza okha chimene chili mtima wa ntchito yonseyi.

Njira yachiwiri sindikhalitsapo, chifukwa inagwa kale. California, kudzera mu lamulo lake la 1977 la California Library Services Act, inkabwezera laibulale kandalama pa buku lililonse lomwe yabwereketsa kwa laibulale ina kapena kwa munthu wochokera kunja kwa dera lake. Pa pepala zimaoneka zachilungamo: wobwereketsa zambiri alandire zambiri. Koma zimaphunzitsa malaibulale kuona wowerenga wa tauni yoyandikana nayo ngati ngongole yoti wina alipire. Mu 2011 bwanamkubwa Jerry Brown anadula ndalama za malaibulale, poyamba theka, kenako zotsalazo kumapeto kwa chaka. Santa Clara County Library District, yomwe inkatumikira anthu ambiri ochokera ku San Jose, inayamba kulipiritsa $80 pa chaka kwa aliyense wosakhala m'dera lake, ndipo zinakhala choncho mpaka 2015. Taganizirani mayi amene laibulale yapafupi ndi nyumba yake ili tsidya la msewu, koma msewuwo ndiwo malire. Mwana wake anazolowera kukabwerekako mabuku Loweruka lililonse, lero akuuzidwa kuti pakufunika $80. Boma silinagule chinthu chokhalitsa ndi ndalama zonse za zaka zimenezo. Ndalama itasiya kubwera, kubwerekanako kunayamba kuphwasuka nthawi yomweyo.

Tsopano Georgia. Mu 1999 malaibulale ambiri a kumidzi kumeneko anali ndi makompyuta akale omwe ankaopedwa kuti asokonekera chaka cha 2000 chikamalowa, ndipo analibe ndalama zogulira ena. M'malo mopatsa aliyense kandalama kake, boma la chigawo linagula kaundula mmodzi wa onse n'kumutcha PINES. Anayamba kugwira ntchito mu December 1999. Amene amayendetsa ndi Georgia Public Library Service, nthambi ya boma. Laibulale ikalowa mu PINES simalipira pulogalamu ya kompyuta, simalipira makina osungira kaundulayo, ndipo galimoto yonyamula mabuku imafika pakhomo pake. Lero muli malaibulale pafupifupi 300 m'makaunti oposa 140 mwa makaunti 159 a chigawocho, ndi mabuku ndi zinthu zina zoposa 10 miliyoni.

Kwa wowerenga zimayenda chonchi. Aliyense wokhala mu Georgia amalandira khadi la PINES kwaulere. Mumalowa mu kaundula pa foni, mwapeza buku, mwadina batani loliitanitsa, mwasankha laibulale yokalitengera. Pakapita masiku angapo uthenga umabwera kuti lafika. Mukapita mumalipeza pa shelefu ya mabuku oitanitsa, kapepala ka dzina lanu katatulukira pamwamba, ndipo mukatsegula chikuto mumaona chidindo cha tauni yomwe simunaipondepo. Mukamaliza mutha kulibweza pa laibulale ina iliyonse ya PINES, ngakhale muli pa ulendo. Mwana wa mlimi wa mtedza kum'mwera kwa Georgia, kumene laibulale yake ndi kanyumba ka zipinda ziwiri, amasankha m'mabuku omwewo amene mwana wa pulofesa ku Athens akusankhamo. Ichi ndicho chimandikokera ku njira imeneyi kuposa china chilichonse.

Pali chinanso chimene Georgia inachita chomwe chinapindulira anthu akutali. Pulogalamu yomwe anagula kwa kampani poyamba inayamba kulephera kunyamula malaibulale ochuluka chonchi. Ogwira ntchito a boma analemba yawo, Evergreen, yomwe inayamba kugwira ntchito mu September 2006, ndipo anaipereka kwaulere kuti aliyense aitenge n'kuisintha mmene akufunira. Lero migwirizano ya malaibulale m'zigawo zina za America ndi ku Canada ikuyendera pa Evergreen yomweyo. Ndalama ya msonkho wa ku Georgia inagula chinthu chomwe chilipobe patapita zaka pafupifupi 20.

Sindikubisirani zovuta zake. Choyamba, makaunti anayi akuluakulu ozungulira Atlanta, Fulton, DeKalb, Cobb ndi Gwinnett, sali mu PINES, ndipo kumeneko ndi kumene kumakhala pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a mu Georgia, kuphatikizapo ambiri a ife obwera. Malaibulale akuluakuluwa ali ndi makaundula awoawo, ndipo n'zosavuta kumvetsa nkhawa ya laibulale yolemera: ikalowa, mabuku ake ndiwo aziyenda kwambiri. Chachiwiri, buku latsopano silichoka m'dera la laibulale yomwe inaligula kwa miyezi 6 yoyamba. Ngati kwanu sanaligule, mudikira. Lamuloli limawawa, koma ndimaliona kuti n'loyenera, apo ayi palibe khonsolo yomwe ingavomere kugula mabuku oti anthu ake ayambe kuwaona patatha chaka. Chachitatu, kulowa mu PINES n'kutaya ufulu wina: masiku obwereka ndi malamulo ambiri amakhala amodzi kwa onse, ndipo woyang'anira laibulale sangangowasintha poti anthu a kwawo apempha. Chachinayi, PINES ndi ya malaibulale a anthu onse basi. A ku yunivesite ali ndi njira yawo, ndipo magazini a kafukufuku a pa intaneti amadzera ku GALILEO, yomwe inayamba mu 1995. Pa mfundo iyi yokha Florida ikuposa.

Wina anganene kuti nayo PINES ili mu bajeti ya boma, ndiye ikhoza kudulidwa ngati thandizo la ku Florida. Zoona, ikhoza. Koma taganizirani phungu amene akuyang'ana mizere iwiri. Wina walembedwa kuti thandizo kwa makopaletivu, mabungwe omwe ovota ake ambiri sanamvepo n'komwe mayina awo. Winawo ndi khadi lomwe lili m'chikwama cha agogo ndi adzukulu m'kaunti yake, ndipo akaudula kompyuta ya pa kauntala izima mawa lomwe. Woyambawo amaufufuta anthu osadziwa. Wachiwiriwo angaukhudze ndani? Makopaletivu a ku Florida amagwira ntchito yabwino kuseri, koma kugwira ntchito kuseri ndiko kumawaika pangozi.

Pansi pa njira zonsezi pali ndalama ina yochokera ku Washington. Lamulo la 1996 la Library Services and Technology Act limapereka ndalama ku zigawo kudzera ku IMLS, bungwe la boma la America loona za malaibulale, pafupifupi $180 miliyoni pa chaka, zogawidwa potengera kuchuluka kwa anthu, ndipo chigawo chilichonse chimayenera kuikapo gawo lake. Zigawo zambiri zimalipirira galimoto za mabuku ndi makaundula ndi ndalama imeneyi. Pa 14 March 2025 Donald Trump anasaina lamulo lofuna kuchepetseratu ntchito za IMLS. Mwezi wotsatira laibulale ya boma ku South Dakota inaimitsa galimoto zake zoyendetsa mabuku. Zigawo 21 zinakasuma, ndipo khoti la ku Rhode Island linaletsa boma kupitiriza. Choncho pofunsa za chigawo chanu musangofunsa kuti njira yake ndi iti. Funsaninso kuti pa ndalama yoyendetsera galimotoyo, ya chigawo ndi ingati ndipo ya Washington ndi ingati. Chigawo chomwe chimanyadira kubwerekana mabuku koma chikukwera pa msana wa Washington chili ngati munthu wolima munda wobwereka: mwini akaufuna, chimanga chili m'munda chomwecho, amachoka.

Amene munagwirapo ntchito m'malaibulale a kwathu mukukumbukira MALICO, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003 kuti malaibulale a ku Malawi azigulira limodzi magazini a kafukufuku a pa intaneti, mothandizana ndi mabungwe ngati EIFL ndi INASP. Funso lomwe limaivuta ndi lomweli, lakuti ndani alipire chinthu chomwe ndi cha onse koma si cha mmodzi. Ndikanafunsidwa, ndikanati boma likafuna kuikapo ndalama ligule kaundula mmodzi ndi mayendedwe a mabuku, lisamwaze timathandizo.

Kwa wofufuza kapena wophunzira wa digiri yachiwiri, kopaletivu yosakaniza malaibulale ngati za ku Florida ikupatsani zambiri, bola chaka chimenecho ndalama yadutsa. Kwa banja lokhala kutali ndi mzinda, lomwe ana ake amamaliza mabuku a pa shelefu ya kwawo asanafike Giredi 5, palibe chofanana ndi PINES. Ndipo inu a ku Atlanta, kukhala mu Fulton kapena Gwinnett sikukuletsani kukhala ndi khadi la PINES. Clayton County, kum'mwera kwa mzinda, ili mu PINES. Tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu ndi pepala losonyeza keyala yanu ya mu Georgia, mukalembetse kumeneko, ndipo khadi la kaunti yanu mukhale nalobe pambali.