Melita wa m'Baibulo uja alibe mtsinje

Nditawauza amayi kuti ndapeza ntchito ku Malta, anandifunsa ngati ndi mbali ya ku Joni. Ndinawapempha kuti atsegule Machitidwe 28, paja Paulo anapulumuka chombo chitasweka, njoka n'kumuluma dzanja akuika nkhuni pamoto. Melita ujayo ndi kuno. Chaka chilichonse pa 10 February anthu sapita kuntchito, amakumbukira ngoziyo, ndipo dera lina la kugombe limatchedwa St Paul's Bay.

Dzikoli n'laling'ono zedi: zilumba za Malta, Gozo ndi Comino, pakati pa nyanja ya Mediterranean, kumwera kwa Sicily. Chilumba chachikulu n'chotalika makilomita 27 okha, osafika ndi theka lomwe la msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, koma anthu m'dzikomo ndi oposa 500,000.

Chimene chinandizunguza mutu ndi madzi. Ine ndinakulira ku Liwonde, Shire ali pakhomo, ndiye sindinkadziwa kuti dziko lingakhale lopanda mtsinje ngakhale umodzi. Kuno ndi thanthwe lokhalokha, mwala wachikasu womwe amamangiranso nyumba zawo. Mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo June mpaka August dontho simungalione. Madzi ambiri a pampopi ndi a m'nyanja, amachita kuwachotsa mchere ndi makina. Tiyi wanga woyamba ndinamutaya, kuyesa kapu sinatsukidwe bwino. Vutoli n'lakale: pomanga mzinda wa Valletta lamulo linali loti nyumba iliyonse ikhale ndi chitsime chosungira madzi a mvula, ndipo ngalande ya miyala yomwe inamalizidwa mu 1615 kuti ibweretse madzi mumzindawo ikuonekabe m'mbali mwa msewu.

Nanga thanthwe louma chonchi ankalimbiranji? Doko, abale anga. Woligwira ankaona zombo zambiri zodutsa pakati pa Ulaya ndi Africa. Aluya anafika mu 870 n'kusiya chinenero. Chimalta chimalembedwa ndi zilembo ngati zathuzi koma muzu wake ndi Chiarabu, moti m'tchalitchi cha Katolika Mulungu amamutchula kuti Alla. Tsiku loyamba kumva zimenezi pa Misa ndinatembenuka kuti ndione ngati ndalowa malo olakwika. Asilikali achipembedzo a St John anabwera mu 1530, n'kupirira nkhondo ya Aturuki mu 1565, ndipo Valletta anatenga dzina la mtsogoleri wawo. Angerezi anakhala kuyambira 1800 mpaka pa 21 September 1964. Inde, chaka chomwecho chimene ife tinalandira ufulu pa 6 July. N'chifukwa chake galimoto zimayenda kumanzere, Chingerezi chili paliponse, ndipo tchaja yomwe ndinagula ku Limbe inalowa pakhoma popanda vuto.

Chilimwe ndi nyengo ya festa. Mudzi uliwonse uli ndi woyera wake, amanyamula chithunzi chake chosema pamapewa, bandi ikuimba pambuyo. Zokongola, koma makombola awo amaphulitsa ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo, ife ogwira ntchito usiku tikufuna tulo. Ndiwo yaulemu kuno ndi kalulu, amati fenek. Ndikafuna chotsika mtengo ndimagula pastizzi, timabanzi tokhala ndi tchizi kapena nsawawa mkati.

Chimodzi ndisakubisireni. Anthu ambiri akuda anafika kuno pa mabwato kuchokera ku Libya, ena anathera m'nyanja momwemo. Ndiye ukakwera basi, ena amangoganiza kuti nawenso unabwera choncho, ndipo pofuna nyumba ya lendi eni ake awiri anadula foni atangomva komwe ndimachokera. Wachitatu, gogo wina wamkazi, anandifunsa kuti Malawi ali kuti. Nditamuonetsa chithunzi cha Shire pafoni, anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati madzi onsewo ndi opanda mchere.