Ntchito yotchuna intakomu za m'zipinda za odwala

Chipatala chomwe ndimagwirako ntchito ya unamwino chinaitana kampani ina kuti idzatchune kachipangizo koyendetsa mawu m'maintakomu a pakhoma, omwe wodwala amalankhulirapo ndi namwino popanda kugwira foni m'manja. Maintakomuwo ndi abwino ndithu, koma anangokhomedwa monga momwe anachokera kufakitale, moti namwino ankamva mawu ake omwe akumubwerera, pomwe a wodwala ankafika odukaduka. Ambiri tinkati pakufunika masipika amphamvu, chonsecho nkhani inagona pa katchunidwe.

Vuto la mawu obwerera analigwira bwino kwambiri. Sipika ndi mayikolofoni zimakhala m'kabokosi kamodzi, motalikirana masentimita ochepa, pomwe pakamwa pa wodwala pali mamita awiri kapena atatu kuchokera pakhomapo, ndipo pamalo opanda zotchinga mphamvu ya mawu imatsika ndi madesibelo (muyeso wa kukwera kwa mawu) pafupifupi 6 mtunda ukawirikiza kawiri. Choncho mayikolofoni imamva sipika yakeyo mokweza kuposa munthu amene ikuyenera kumumva. Gawo lotchedwa echo canceller limaphunzira njira yomwe mawu amadutsa kuchoka pa sipika, kugunda matailosi ndi magalasi, mpaka kubwerera, kenako n'kuwachotsa asanatumizidwe kwa namwino. Akatswiri a kampaniyo anayeza kutalika kwa nthawi yomwe mawu amakhala akumveka m'chipinda chilichonse, anamata karabala mozungulira mayikolofoni kuti kunjenjemera kwa kabokosi kasamaifike, ndipo, modabwitsa kwa ife, anatsitsa sipika pang'ono. Anafotokoza kuti sipika yaing'ono ikakwezedwa mopyola imasasa mawu, ndipo mawu osasawo makina sangathe kuwachotsa bwino chifukwa safanananso ndi omwe anatumizidwa. Tsopano anthu awiri atha kulankhula nthawi imodzi osadulana.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi kayesedwe kawo. Sanakhutire ndi kuimirira pakati pa chipinda chopanda anthu n'kumawerenga manambala ndi mawu a munthu wathanzi. Anabweranso usiku, mmodzi wa iwo anagona pabedi atayang'ana kukhoma, makatani atatsekedwa, fani ikuzungulira, makina a mpweya wa okosijeni akulira, ndipo ankalankhula monong'ona atavala masiki, monga momwe amalankhulira munthu amene wangochoka kuthiyeta. Malangizo a bungwe la World Health Organization a mu 1999 amati phokoso la m'wodi lisapitirire madesibelo 30, koma kafukufuku wa ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America wa mu 2005 anaonetsa kuti m'zipatala phokoso linali litafika pa madesibelo pafupifupi 72 masana ndi 60 usiku. Intakomu yotchunidwa pamalo achete singathandize m'wodi yeniyeni. Anatsegulanso njira yotumizira mawu yotchedwa G.722, yomwe imanyamula mawu mpaka pa 7,000 Hz (muyeso wa kupyapyala kwa mawu) m'malo mwa 3,400 Hz ya mafoni akale, ndipo kusiyana kwake kumamveka ngakhale kwa munthu wosadziwa za makina.

Komabe sizinayende bwino zonse. Pofuna kuti phokoso la fani lisamveke n'komwe, anakhwimitsa kwambiri gawo lochotsa phokoso, moti mawu ofooka linkayamba lawaona ngati phokoso, n'kudula chiyambi chake. Poyeserera ndi mnzanga, iye atanong'ona kuti "sindikupuma bwino", ine kudesiki ndinamva kuti "ndikupuma bwino", zomwe m'chipatala si nkhani yoseketsa. Titadandaula anabwera n'kudzafewetsa, ndipo tsopano kaphokoso ka fani kamamveka chapansipansi, koma mawu amafika athunthu. Kwa ine kaphokosoko n'kabwino, chifukwa kamanditsimikizira kuti intakomu idakali yotsegula. Gawo lokweza ndi kutsitsa mawu lokha nalo linkakweza phokoso la m'chipinda wodwala akangokhala chete, ndipo analichepetsa liwiro tsiku lomwelo.

Za chinsinsi cha wodwala sanaziganizire mpaka titawakumbutsa. M'chipinda cha mabedi anayi, funso la namwino lokhudza chikodzo kapena bala limamveka kwa onse, choncho tinapempha kuti usiku sipika izitsika yokha.

Mtengo wawo ndi wokwera, popeza amawerengera chipinda ndi chipinda, ngakhale kuti zipinda zofanana kukula ndi kamangidwe akanatha kuziyeza kamodzi n'kungotsimikizira zinazo. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti sanatisiyire fayilo ya zomwe anatchunazo, kutanthauza kuti intakomu imodzi ikawonongeka n'kuikapo ina, tidzayenera kuwaitananso ndi kuwalipira. Ndingawavomereze kwa chipatala china, pokhapokha mgwirizano utanena poyera kuti fayiloyo idzaperekedwa, komanso kuti adzabwereranso kudzamvetsera wodi itadzaza odwala.