Zogula za Khrisimasi: kusupamaketi, kumsika, kwa telala kapena kwa aja a pa WhatsApp?

Disembala ikangofika phokoso lija limayamba la "tiyeni tigule kwa anzathu", ena mpaka kumanyogodola munthu amene akukankha trolley mushopu yayikulu ngati wapalamula mlandu. Ine zogula kwa amalonda ang'onoang'ono ndimagwirizana nazo kwambiri, koma osati mwachimbulimbuli ayi, ka bonasi kaja kapena ndalama mwagawana ku banki m'khonde ija ndiyochepa kale ndipo Januwale akudikira ndi fizi yake, ndiye bola tione chinthu ndi chinthu kuti ndani akuwina pati.

Tiyambe ndi nkhuku poti Khrisimasi yopanda nkhuku ndi mpunga ana sakuwerengerani. Kusupamaketi mupeza yoyera ya mufiriji, yosola kale, mtengo wolemba pa kilo, palibe kukangana ndi munthu. Ubwino wake ndi umenewo basi. Vuto ndi loti mukagula msanga mukufunika firiji, ndipo nyengo ya mvula ino magetsi mukuwadziwa mmene amachitira, nkhuku yosungunuka nkuumanso kawiri katatu imeneyo musadyetse alendo. Pomwe kwa mayi woweta mabroila kuseri kwa nyumba mdera mwanu momwemo mumakasankha yamoyo, mwainyamula nokha kumva kulemera kwake, mwapereka theka la ndalama nkuuzana kuti ndidzatenga pa 24, iye akupitiriza kuidyetsa, inu simukudandaula za firiji. Ambiri oweta amaika anapiye mu Novembala dala kuti masabata sikisi akamakwana ikhale Khrisimasi, ndiye mukalankhula nawo kumayambiriro kwa mwezi mtengo umakhala wabwino kusiyana ndi kupita pa 24 madzulo aliyense akulimbirana zotsala. Ya lokolo ndiye musavutike nkuyang'ana mushopu, imeneyo ndi ya kumsika kapena kwa achibale kumudzi, yodula inde koma msuzi wake ndi wina. Apa wamalonda wamng'ono wawina mosachita kufunsa. Mbuzi chimodzimodzi, kusonkherana mabanja anayi asanu nkugula yamoyo pa tsiku la msika nkugawana kumaposa kugula ma kilo kubutchala, bola pakhale mmodzi wodziwa kuyang'ana mbuzi osati kukagula yodwala.

Zamasamba ndiye sindichedwapo. Amene mukuyenda pa M1 imani pa Lizulu kapena pa Tsangano turn off mugule tomato, anyezi, kabichi, karoti ndi mbatatesi, akumpoto pa Jenda. Zomwezo mukazipeza zitakulungidwa mu pulasitiki mtauni mtengo wakwera kale, komanso pa till palibe amene angakuikireni basela.

Mpunga ndi pomwe pamafunika maso. Kilombero weniweni ndi wa ku Karonga ndipo fungo lake silibisika, koma kumsika aliyense amati wake ndi Kilombero, ena amasakaniza ndi Faya kapena mtundu wina wotchipa, pamwamba pa thumba aika wabwino pansi pali woswekasweka. Wa mupaketi wa mushopu mumalipira zambiri koma ndi wosankha kale, miyala mulibe, kilo ndi kilo. Ndiye ngati muli ndi kasitomala wanu amene mwakhala mukugula kwa iye ndipo sanakupusitsenipo, gulani kwa iye ndowa yonse mupindula. Ngati mulibe, pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, nunkhizani, gulani kilo imodzi kaye mukaphike. Mukaona kuti zonsezi simungakwanitse tengani wa mupaketi, palibe tchimo, mpungawo walimidwabe ndi mlimi wa konkuno.

Apa mpomwe anthu ambiri amasokoneza. Kugula kwa mwini shopu wa ku Malawi ndi kugula katundu wopangidwa ku Malawi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa okala ya aneba mutha kugula mabisiketi ochokera kunja, juwisi wa ufa wochokera kunja, sopo wochokera kunja, ndalama yambiri nkutuluka ndithu mdziko, aneba atsala ndi kaphindu kochepa. Pomwe mushopu yayikulu mutha kudzaza basiketi ndi Nali, tiyi wa Chombe kapena wa Satemwa wa ku Thyolo, khofi wa Mzuzu, uchi wa kumpoto, shuga wa ku Nchalo kapena Dwangwa. Buy Malawi Strategy yomwe boma linakhazikitsa mu 2016 kwenikweni imakamba za chachiwirichi, katundu wopangidwa konkuno, chifukwa nkhani yake ndi ya forex. Ndipo kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinaona tokha kuti chilichonse chodutsa pa boda mtengo wake sukhala pansi. Chokoma kwambiri ndi pamene ziwirizi zakumana, katundu wa konkuno kwa wogulitsa wa konkuno, koma sizitheka pa chilichonse.

Shuga, mafuta ophikira, sopo, Sobo, ufa wa makeke, izi kunena zoona shopu yayikulu kapena holoselo imawina pa mtengo, iwo amaoda zambiri nthawi imodzi, ndipo mwini okala naye amakaoda komweko nkuikapo yake. Shuga akasowa ndiye kusiyana kwake kumachita kuwawa, mushopu mtengo uli womwewo koma mzere wake ndi malire a mapaketi awiri pa munthu, panja ali mbwee koma mtengo wina. Kumbali ya ma expiry date nakonso mashopu akuluakulu amaopako a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu lija, pomwe muma golosale ena a mkati mwa makwalala Disembala ndi nthawi yotulutsa katundu amene anagona chaka chonse pa shelefu, ndiye tembenuzani botolo muwerenge deti musanalipire. Koma musaiwale kuwerengera transport. Ngati mukukwera minibasi kupita mtauni, pobwera kabaza kapena taxi chifukwa cha majumbo, kuti mupulumutse pang'ono pa botolo limodzi la mafuta, mwaluza. Komanso tinene chilungamo, pa 20 Januwale ndalama zitatha amene adzakupatseni shuga ndi sopo pa ngongole nkulemba mu kope ndi mwini okala yemweyo, supamaketi sidziwa dzina lanu. Ndiye kumudutsa ndi majumbo odzadza mwezi wonse wa Disembala osamugulako ngakhale kreti ya zakumwa, kenako Januwale nkumati "aneba tandithandizeni", eee nzochititsa manyazi. Ine ndimati zazikulu zokhalitsa kaguleni koholoselo kamodzi, koma zakumwa, buledi, mazira, makala, ma units, zisiyireni a pafupi.

Zovala ndiye nkhondo ya anthu atatu. Zatsopano za mushopu, kaya ku PEP kaya mashopu a ku Limbe ndi ku Area 2, ubwino wake mwana wayesa pompo, yakwana mwalipira mwapita, ndipo ana amakonda kanthu konunkhira utsopano. Koma zambiri zotchipa zija ukachapa kawiri mtundu wathawa. Kaunjika amawina pa kulimba, jini kapena nsapato ya pa bale yabwino imatha zaka, kungoti Disembala mabelo amakwera mtengo ndipo zabwino zimatha mmawa tsiku lotsegula belo, ukapita masana upeza zotsala. Wogulitsa kaunjika ndi mnzathu wa konkuno ndithu, ndalama yake ikulipira lendi ndi fizi konkuno, ngakhale chovalacho chinachokera kutali. Koma amene ine ndimamuikira kumbuyo kwambiri ndi telala. Mukagula chitenje nkusoketsa, ndalama ya ntchito yonse yatsala mdera, chovala chasokedwa pa thupi lanu, ndipo banja lonse mutha kuvala zofanana pa tsikulo kutchalitchi anthu nkumacheuka. Nsaluyo zambiri zimachokera ku Tanzania, Zambia kapena China, za konkuno ndi za Mapeto ku Blantyre, mukafuna mufunse. Vuto la matelala tonse tikulidziwa, "bwerani mawa" uja. Disembala amalandira nsalu zoposa mphamvu zawo, maukwati ali pomwepo, mayunifolomu a Januwale ayambanso kubwera, magetsi akazima amene ali ndi makina a magetsi ntchito yaima. Mukapereka nsalu pa 18 Disembala musadzalire, mwadziputa nokha. Perekani sabata yoyamba, muuzeni deti yabodza yoyandikira, ndipo musamalize kulipira chovala musanachiyese.

Tsopano aja a pa status ndi pa Facebook, "oda yanu ifika pa 20 kuchokera ku Dar kapena ku Joni, deposit 50%". Awa ndi amalonda ang'onoang'ono enieni, ambiri ndi atsikana ndi anyamata omaliza sukulu amene ntchito sanaipeze, ndipo ena ndi okhulupirika zedi, amakubweretserani mpaka pakhomo. Koma pa onse amene ndatchula apa, kuno nkomwe ndalama imapita osabwerera. Chithunzi ndi china chofika ndi china, size yalakwika palibe kubweza, katundu wakanirira pa boda ya Songwe kapena Mwanza mpaka Khrisimasi yadutsa, ndipo mukatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene simukumudziwa nkukutsekani, mulibe risiti yoti mukadandaule nayo kulikonse. Lamulo langa ndi lophweka, chimene ali nacho kale mmanja ndigula, ndilipira ndikachiona. Za oda ndimapanga ndi munthu yekhayo amene wina womudziwa anagulako kwa iye. Kumene a pa WhatsApp amawina popanda wopikisana naye ndi makeke ndi zophikaphika, keke ya mayi wophikira kunyumba imaposa ya mushopu kutalitali, kukoma ngakhale kukongola, bola kuoda msanga poti nawonso uvuni ndi umodzi.

Mphatso ndiye anthu timangothamangira ma hamper okutidwa ndi pulasitiki yonyezimira, mkati muli mabisiketi, juwisi ndi chokoleti zochokera ku South Africa, theka la mtengo mukulipira basiketi ndi riboni. Pangani yanu. Dengu loluka la kumsika, muikemo mpunga wa Kilombero, botolo la uchi, Nali, khofi kapena tiyi, mtedza wokazinga, chitenje chimodzi pamwamba. Apongozi mukawapatsa zimenezi adzakutchulani mpaka Isitala. Kwa abwana kuntchito kapena mlendo wochokera kunja, makapu a ku Dedza Pottery kapena ziboliboli za ku Mua zimaoneka zaulemu kuposa bokosi la chokoleti. Zoseweretsa ana zokha ndiye ndivomere, galimoto ya mawaya ana amtauni masiku ano saifuna, akufuna ya batire yoyaka magetsi, ndipo imeneyo kulikonse mungaigule ndi ya ku China basi, ndiye ingoyang'anani potchipa.

Kunenerera kumsika nkololedwa, ndi mmene malonda amayendera, koma pali ena amakanikiza mayi wa tomato mpaka kumudyera phindu lonse kenako nkukalipira mtengo wonse pa till osatsegula pakamwa. Nenererani pa mbuzi, pa nsapato, pa ndowa ya mpunga pomwe pali ndalama yooneka. Pa mulu wa tomato ingopemphani basela, akupatsani.