Ndemanga ya mawaya owongola mano a mwana wanga, patatha miyezi 20

Mwana wanga wamkazi anamuika mawaya owongola mano mu Okutobala 2022, ali ndi zaka 14, pa chipatala china cha mano mumzinda wa Blantyre, ndipo anamuchotsa mu Juni 2024. Ndikulembera makamaka makolo anzanga a kuno ku Chigwa cha Shire, chifukwa kwa ife a ku Nchalo ulendo uliwonse wokamangitsa waya unkafuna kulawira m'bandakucha, kuwoloka mlatho wa Kamuzu ndi kukwera mapiri a ku Thabwa, ndipo tinkauyenda pafupifupi milungu isanu ndi umodzi iliyonse.

Ntchito yeniyeniyo anaigwira bwino, pakuti mano awiri akutsogolo amene anali okwerana tsopano ali pamzere. Adokotala anatifotokozera mosabisa kuti tizitsulo tomata pa dzino lililonse timangogwira waya, ndipo wayayo ndiye amakoka mano pang'onopang'ono, choncho ululu wa masiku atatu kapena anayi akangomumangitsa usatidabwitse. Masiku amenewo mwanayo ankangodya phala ndi nthochi, n'kumwa Panado usiku.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi pepala la malangizo limene anatipatsa. Linaletsa masiwiti olimba, chingamu ndi maapozi, koma silinatchule nzimbe ngakhale pang'ono, ngati kuti mwana wokulira pakati pa minda ya nzimbe angaganize yekha zoisiya. Sabata yachitatu analuma mfundo ya nzimbe pochokera kusukulu, kachitsulo kamodzi kanamatuka n'kumayendayenda pa waya, ndipo tinalipira ndalama ina yomatiranso, osawerengera ya minibasi. Za chimanga chowotcha, masau ndi malambe tinazindikira tokha, ndipo mango tinayamba kumudulira ndi mpeni, popeza ulusi wake unkakola m'tizitsulo moti mswachi wamba sunkauchotsa. Kamswachi kakang'ono kolowa pansi pa waya kanatithandiza kwambiri, koma ndinakasowa m'masitolo a kuno, motero ndinkagula tingapo nthawi imodzi ku Blantyre.

Ndiwayamikire pa zimene anachita mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy ataononga misewu. Tinalephera kupita pa tsiku lathu, nsonga ya waya inali ikubaya tsaya mpaka kuchita chilonda, ndipo nditaimba foni, namwino anatiuza modekha kuti tiumitse nsongayo ndi thonje, timatepo phula limene anatipatsa, ndiponso mwanayo azichukucha madzi ofunda a mchere. Sanatilipiritse chifukwa chophonya tsikulo. Phulalo, ndinene pano, limafewa msanga ndi kutentha kwathu kuno, ndipo ife tinkalisunga pansi, pambali pa mtsuko wa madzi.

Za kusukulu achipatala sanazikhudze nkomwe. Anzake a Fomu 1 ankamutcha "mpanda wa waya", ndipo teremu yonse ankaseka atatseka pakamwa ndi chikhatho, mpaka tsiku limene anasankha yekha timalabala tobiriwira tomangira waya ku tizitsulo n'kuyamba kutionetsa dala.

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo imodziyo ndachotsa chifukwa cha pepala lija. Pakali pano amavala retainer, pulasitiki youmbidwa molingana ndi mano ake, usiku uliwonse kuti mano asabwerere, ndipo masana timaisunga m'kabokosi kake kutali ndi zenera, chifukwa adokotala anati pulasitikiyo imapindika ikatenthedwa.