Ka thermometer kamene ndimagona nako kumutu

Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka 4 pamene anamupeza ndi khansa ya m'magazi ku Gulupu. Tsiku lomwe ankatitulutsa m'wodi, anamwino anandikokera pambali. Anandiuza kuti kemo, mankhwala olimbana ndi khansa, amagwetsa asilikali a m'thupi, choncho kachilombo kamene mwana wina angapole nako yekha, wathuyu kangamutenge usiku umodzi wokha. Thupi likatentha kufika 38, tisadikire kuti kuche, ndipo tisathamangire Panado, chifukwa amabisa kutenthako matenda akupitirira mkati.

Kunyumba tinali ndi thermometer yolozetsa pachipumi ija, imene tinagula nthawi ya Covid. Inanditopetsa. Uyeze pano ikuti 36, uyezenso pompo ikuti 38. Mtima wa mayi sungapirire zimenezo. Ndiye bambo ake anakagula ku famase mu Limbe kakang'ono ka batire, koika m'khwapa. Mtengo wake sunafike ndi wa nkhuku imodzi yomwe.

Miyezi 9 tsopano, sikanandinamizepo. Tikapita ku kiliniki ndimakatenga, anamwino akayeza ndi yawo, ine n'kuyeza ndi kanga, manambala amayandikana kwambiri. Muyenera kupukuta thukuta m'khwapa kaye, nsonga yake ikhale pakati penipeni, n'kugwira kamkono kuti kasatseguke. Masabata amene akumwa mankhwala ena otchedwa prednisolone mwanayu amakhala wolusa, masaya ali tutumu, kufuna nsima ndi mazira pakati pa usiku, moti kumugwira n'kulimbana. Ndimamukhazika pamiyendo, n'kumuuza kuti tiwerenge limodzi mpaka kalire.

Zodandaula zilipo ziwiri. Pagalasi pake palibe kuwala, ndiye magetsi akazima uyenera kugwira tochi ya foni ndi mano. Chinanso batire yake, kozungulira ngati batani la malaya, sipezeka m'magolosale a kwathu kuno. Ndinakaipeza kwa okonza mawotchi, ndipo ndinagula ziwiri.

Usiku wina mu June apongozi anga anamugwira pamphumi n'kunena kuti ndi kutentha kwa bulangete chabe, timusiye agone. Iwo alera ana 7, sindikanawatsutsa ndi pakamwa. Ndinangowaonetsa: 38.6. Sananenenso kanthu, anavala mpango n'kukadzutsa aneba athu a galimoto. Tinafika kuchipatala 1 koloko, anamuyeza malungo, anamutenga magazi, n'kumuika dripi ya mankhwala nthawi yomweyo. Tinagona masiku 5.

Amayi anzanga amene mukuyamba ulendowu, gulani awiri, kena ka m'chikwama kena ka kuchipinda. Osakaika kumatako kwa mwana wa pa kemo, khungu la kumeneko silichedwa kuchekeka n'kulowetsa tizilombo. Mukayeza muzilemba m'kope tsiku, nthawi ndi nambala, adokotala amafunsa. Lathu latsala masamba atatu, ndipo chithandizo chikadali ndi chaka ndi miyezi.