Mchenga wa CaribSea Arag-Alive m'thanki ya jawfish: ubwino wake ndi pomwe umaperewera

Amene akufuna kuweta yellowhead jawfish, kansomba ka m'nyanja yamchere komwe asayansi amakatcha Opistognathus aurifrons, amayamba ndi funso la mchenga, ndipo m'masitolo a nsomba zoweta dzina lomwe limamveka kawirikawiri ndi Arag-Alive, wopangidwa ndi kampani ya CaribSea ya ku Florida. Mchengawu ndi wa aragonite, mwala wofanana ndi womwe umapanga makorale (miyala yomangidwa ndi tizilombo ta m'nyanja yamchere) ndi zigoba zambiri za nkhono, ndipo umabwera uli wonyowa m'thumba pamodzi ndi mabakiteriya othandiza kuyeretsa madzi. Kuti tiuweruze bwino, tiyambe taona mmene kansombaka kamakhalira kwawo.

Kamapezeka m'nyanja ya Caribbean, ku Bahamas ndi ku Florida, pamalo a mchenga wosakanikirana ndi tizidutswa ta makorale akufa. Kamakula mpaka masentimita 10, mutu wachikasu, thupi lotuwa mobiriwira. Kamakumba una ndi kukamwa: kutapa mchenga, kukalavula panja, kenako kutola timiyala ndi tizigoba n'kuyala m'mbali mwa unawo ngati mmisiri womanga chitsime. Masana kamaima chilili pamwamba pa khomo kudikira tizilombo ting'onoting'ono toyandama, kakaona choopsa kamabwerera chafutambuyo, mchira patsogolo. Kukada kamatseka khomo ndi kamwala. Mazira amasungidwa m'kamwa, monga zimachitira chambo ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, kungoti kwa jawfish ntchitoyi ndi ya yaimuna ndipo imatenga pafupifupi sabata imodzi.

Pa mitundu ya Arag-Alive, iwiri ndiyo yoyenera kuiganizira. Fiji Pink ndi wosalala, timchenga take ndi ta mamilimita 0.5 mpaka 1.5. Special Grade ndi wokulirapo, mamilimita 1 mpaka 2. Yonse iwiri ilibe m'mbali zakuthwa zomwe zingacheke kukamwa kwa nsomba yomwe imatapa mchenga tsiku lonse, ndipo apa katunduyu wakhoza. Special Grade ndiye tingasankhe, chifukwa sauluka pampu ikamakankha madzi ndipo una wake umalimbako. Fiji Pink ndi wokongola, koma pampu ikakhala yamphamvu amasesereka n'kusiya galasi lapansi poyera, kwina n'kuunjikana mulu womwe ungakwirire khomo la una.

Vuto lalikulu n'lakuti mchenga wa m'thumba ndi wosefedwa, timchenga tonse msinkhu umodzi. Una wokumbidwa mu mchenga wotere umagumuka. Nsomba imakumba lero, mawa denga lagwa, n'kusamukira pena, ndipo yomwe ilibe nyumba imaleka kudya, imayendayenda usiku, mapeto ake n'kudumphira kunja. Ambiri amaganiza kuti yadwala, chonsecho ikungosowa zomangira. Pa makapu atatu alionse a mchenga sakanizani kapu imodzi ya makorale ophwanyidwa ndi tizigoba ta nkhono, tizidutswa toyambira theka la sentimita kufika masentimita awiri, ndipo kamulu kena mukasiye pamwamba pafupi ndi miyala. Pakapita masiku ochepa mudzaona kamuluko katha, zonse zasanjidwa pakhomo. Muzionjezako nthawi ndi nthawi, makamaka ngati nsombazo zili ziwiri kapena zitatu, chifukwa zimaberana timiyala.

Kuya kwa mchenga kusachepere masentimita 10, ndipo 12 mpaka 15 ndiko kwabwino. Apa m'pamene pamalowa ndalama zambiri. Thanki ya masentimita 90 m'litali ndi 45 m'lifupi imafuna malita 40 a mchenga kuti ufike masentimita 10, omwe ndi matumba 6 kapena 7 a makilogalamu 9, ndipo mbali ina ya kulemerako ndi madzi omwe ali m'thumba. Kugula mchenga wamoyo wokhawokha, ndiye kuti wa mabakiteriya uja, n'kuononga ndalama. Yalani pansi aragonite wouma wotsukidwa bwino, pamwamba n'kuthirapo thumba limodzi kapena awiri a Arag-Alive. Mabakiteriya afalikira okha. Njira ina ndi kuzamitsa mbali imodzi yokha ya thanki, n'kutchinga mchengawo ndi miyala.

Miyala ikuluikulu ikhale pagalasi penipeni mchenga usanathiridwe. Mwala wokhazikidwa pamwamba pa mchenga, jawfish imaukumba kunsi, mwalawo n'kuigwera.

Arag-Alive musautsuke ndi madzi a pampopi, mupha mabakiteriya omwe mwalipira. Ukangothiridwa madzi amachita mbuu ngati mkaka kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kapaketi ka mankhwala oyeretsera kamene kamakhala m'thumba kamathandiza, bola sefa ikhale ndi thonje losalala lomwe mukulisintha likada. Mawu akuti mchenga wamoyo asakupupulumitseni. Thumba lomwe lakhalitsa pashelefu kapena padzuwa mphamvu yake siyofanana ndi latsopano, choncho onani deti, ndipo yezani madzi mpaka ammonia ndi nitrite, zinthu zapoizoni zochokera ku zinyalala zoola, zifike pa 0 musanalowetse nsomba. Izi zingatenge milungu ingapo. Madzi akhale a madigiri 24 mpaka 27, pH (muyeso wa asidi m'madzi) 8.1 mpaka 8.4, mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita. Zoti aragonite amasunga pH payekha musazidalire kwambiri, poti m'madzi a pH yotereyi amasungunuka pang'ono zedi.

Mchenga wakuya uli ndi msampha wake. Kunsi komwe mpweya sufika, zakudya zotsala zikaola pamachita mawanga akuda onunkha ngati dzira lovunda, ndipo mpweya wonunkhawo ndi poizoni kwa nsomba. Musamautakase mpaka pansi. Yeretsani sentimita imodzi kapena ziwiri zapamwamba zokha, kutali ndi una. Podyetsa, thirani mysis, tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi todyetsa nsomba, pang'onopang'ono kumtunda kwa kumene madzi akuchokera kuti adutse pakhomo, chifukwa kansombaka sikapita patali kukasaka. Samalaninso ndi chopukutira galasi cha maginito: kamchenga kamodzi kakalowa pakati, galasi lakandika.

Kwa jawfish, Special Grade tikuupatsa 4 pa 5 ukasakanizidwa ndi zomangira, 2 ukakhala wokha. Ndalama yomwe mwapulumutsa pogula mchenga wouma ipite ku chivundikiro chotseka mipata yonse, ngakhale ya mawaya ndi mapaipi, chifukwa mausiku oyamba una usanathe m'pamene zambiri zimadumpha.